Édouard Séguin, Mphunzitsi wa Ana Ocedwa Kukula Nzeru

Pakati pa aphunzitsi akale amene maina ao ayenera kukumbukika pali Édouard Séguin. Iye anabadwa pa 20 January 1812 m'tauni yaing'ono ya Clamecy, m'dziko la France, ndipo atate wace anali dotolo. Masiku amenewo mwana wocedwa kukula nzeru, amene sanathe kulankhula kapena kudzisamala pa msinkhu wa anzace, anthu anali kumuyesa citsiru cosatheka kuphunzitsa. Ena anali kubisidwa m'nyumba cifukwa ca manyazi a makolo, ndipo ena anali kutsekeredwa m'zipatala zazikulu pamodzi ndi akulu odwala misala. M'menemo anali kulandira cakudya ndi pogona, koma panalibe wowaphunzitsa kanthu.

Atakula, Séguin anapita ku Paris, kumene anadziwana ndi dotolo wochuka dzina lace Jean Itard. Itard ndiye anayesa kwa zaka zisanu kuphunzitsa Victor, mnyamata amene anapezeka akukhala yekha m'nkhalango za ku Aveyron. Victor sanaphunzire kulankhula, koma anaphunzira kubvala, kuzindikira zilembo zina ndi kukonda omsamala. M'caka ca 1837 Séguin anayamba kuphunzitsa mnyamata mmodzi wocedwa nzeru, Itard akumlangiza. Itard anamwalira m'caka ca 1838, koma wophunzira wace sanaleke nchitoyo, ndipo posacedwa anatsegula sukulu yaing'ono ya ana otere mu Paris momwemo.

Mbiri ya sukuluyo itamveka, akulu a boma anamuitana m'caka ca 1842 kuti akaphunzitse ana a m'cipatala cacikulu ca Bicêtre. Kumeneko sanakhalitse. Popeza analibe cikalata ca udotolo, sanamvane ndi oyang'anira cipatalaco, ndipo anacoka kumapeto kwa 1843. Koma akatswiri a sayansi amene anatumidwa kukaona ana ace anabvomereza kuti anawo analikuphunziradi. M'caka ca 1846 iye anasindikiza buku lalikulu lofotokoza njira yace yonse.

Njira ya Séguin inali ndi masitepe atatu: thupi, nzeru, ndi kufuna kwa mtima. Anali kuyamba ndi thupi, pakuti anaona kuti mwana wosatha kuimirira cilili kapena kugwira cinthu sangathe kuchera khutu kwa mphunzitsi. Cotero anali kuyendetsa ana pakati pa mitanda ya makwerero ogonekedwa pansi kuti miyendo iphunzire kuponda bwino, ndi kuwakweza pa makwerero oimikidwa kuti manja aphunzire kugwiritsa. Pambuyo pace zala zinali kupatsidwa nchito zazing'ono, monga kutunga mikanda, kumanga mabatani ndi kumanga zingwe za nsapato.

Thupi litakhazikika, anali kudzutsa maso, makutu ndi khungu. Mwana anali kusiyanitsa cofunda ndi cozizira, cosalala ndi cokhakhala, colemera ndi copepuka. Séguin anapanganso thabwa lokhala ndi maenje, lina lozungulira, lina la ngodya zitatu, lina la ngodya zinai, ndipo mwana anayenera kupezera kathabwa kali konse malo ace. Ubwino wa thabwalo unali wakuti kathabwa kolakwika sikalowa, kotero mwana aona yekha colakwa cace popanda kumkalipira. Kujambula mizere kunali kutsogola, ndipo kulemba ndi kuwerenga kunali kudza pambuyo.

Sitepe lacitatu ndilo analiyesa lopambana onse. Séguin anaona kuti tsoka lalikulu la ana amenewa linali kukhala okha. Pokhala palibe wowafunsa kanthu, iwo anazolowera kusafuna kanthu. Poyamba mphunzitsi anayenera kulamula molimba, ndi kugwira dzanja la mwana ngati kunali kofunika. Koma tsiku ndi tsiku anayenera kucepetsa kulamula kwace, kufikira mwana atayamba kucita cinthu cifukwa ca kucifuna yekha. Ndiponso anafuna kuti ana azidya, kusewera, kuimba ndi kugwira nchito pamodzi, kuti mwana aone zimene anzace acita, nazikhumbe. Mwana womvera cabe, amene adikira kuuzidwa ciri conse, Séguin sanamuyese wophunzira. Colinga ca maphunziro onsewo cinali cakuti mwanayo abwerere kukakhala pakati pa anthu, ali ndi nchito ya manja imene angathandize nayo banja lace.

Zitacitika zipolowe za ndale za 1848 ku France, Séguin anasamukira ku America. Anakhala zaka zingapo ku Ohio, ndipo anathandiza anthu amene analikuyambitsa sukulu za ana ocedwa nzeru, monga Hervey Wilbur wa sukulu ya ku Syracuse. M'caka ca 1861 analandira cikalata ca udotolo ku New York, cimene cinamsowa ku Bicêtre kuja. M'caka ca 1866 anatulutsa buku lina m'Cingelezi, ndipo mu 1876 anasankhidwa kukhala pulezidenti woyamba wa bungwe la madotolo oyang'anira sukulu zotere. Anamwalira ku New York pa 28 October 1880.

Zimene zinatsatira imfa yace nzomvetsa cisoni. Séguin yemwe anabvomereza sukulu zogonera komweko, koma anaziyesa malo ongopitirirapo, monga mwana apita ku sukulu nabwerera kwao. Koma odza pambuyo pace anaiwala zobwezera ana kwao. Sukulu zija zinakula, zinasanduka nyumba zosungiramo anthu moyo wao wonse, kutali ndi abale ao. Pa Willowbrook, ku New York, m'caka ca 1965 munali anthu oposa 6,000 m'malo omangidwira anthu 4,000, ndipo ambiri analibe cocita tsiku lonse. Malowo anatsekedwa mu 1987.

Komabe mbeu yace siinafe. Ku Italy, Maria Montessori anakopera buku la Séguin ndi dzanja lace, akulimasulira m'cinenero ca kwao. Ana ena ocedwa nzeru amene anawaphunzitsa ku Rome anapambana mayeso a boma pamodzi ndi ana ena onse, ndipo m'caka ca 1907 iye anayamba kugwiritsa nchito njira yomweyo pophunzitsa ana ang'ono onse. M'caka ca 2006 bungwe la United Nations linalemba pangano la ufulu wa anthu olumala. Gawo 19 la panganolo linena kuti munthu wolumala ali ndi ufulu wosankha kumene adzakhala ndi amene adzakhala nao, ndi wokhala pakati pa anthu anzace. Dziko la Zambia linabvomereza panganolo mu 2010.

Mphunzitsi wa kumudzi kawirikawiri ali naye mwana wotere, wokhala kumbuyo kwa kalasi, amene zaka zipita osadziwa zilembo. Nkwapafupi kumbweza kwao kuti azikaweta mbuzi yekha kuchire, koma kutero ndiko kumbwezera m'kukhala yekha kumene Séguin analimbana nako. Zipangizo za Séguin sizifuna ndalama zambiri: miyala, njere, dongo, mikanda ndi thabwa locokera kwa mmisiri wa pamudzi zikwanira. Mwanayo apatsidwe malo ace m'gulu lothirira dimba la sukulu ndi m'gulu loimba, ndipo tsiku liri lonse afunsidwe kanthu kamodzi, kapena afuna kusesa kapena kutunga madzi. Angacedwe kuyankha, koma mphunzitsi adikire, ndipo cimene mwanayo wasankha cicitike.