Changa Changa wa ku Feira

Pa mathiriro a Luangwa, pomwe madzi ace alowa m'Zambezi, pali Feira, malo amene lero achedwa Luangwa. Tsidya lija kuli Zumbo, m'dziko la Mozambique. Kumeneko kunafika Mzungu wina ali yekha ca m'ma 1887, dzina lace John Harrison Clark. Anabadwa ca m'ma 1860 ku Cape Colony, ndipo mbiri inamveka yakuti anacoka kwao cothawa mlandu. Anthu anamucha Changa Changa, ndipo dzina limeneli ndilo lakhalitsa.

Masiku amenewo cigwa ca Zambezi cinalibe mtendere. Apwitikizi anali atasiya Feira ali bwinja, ndipo eni mfuti onga Kanyemba ndi Matakenya anali kutuma ankhondo ao kukagwira akapolo ndi kukasonkhanitsa minyanga ya njobvu. Wamalonda wopanda mfuti sakadakhalitsa m'dziko lotere. Cotero Clark anasonkhanitsa anyamata a Cinsenga, nawaphunzitsa usilikari, ndipo pamodzi nao anapitikitsa magulu a ogwira akapolo. Midzi yambiri inapuma cifukwa ca iye, ndipo ici palibe angacikane.

Koma mfuti zokha sizipatsa mlendo malo. Iye anakwatira mwana wamkazi wa Mfumu Mphuka ya Acikunda, nakhala mkamwini wa pa bwalo la mfumu. Mkamwini, monga mwa mwambo, alima ndi kumvera eni mudzi. Koma uyu anakula mphamvu kufikira anayesedwa mfumu iye mwini. Anamanga mudzi wace pafupi ndi pokomana mitsinje ya Lukusashi ndi Lunsemfwa, naucha Algoa, pokumbukira gombe la kwao ku Port Elizabeth. Anacita malonda a minyanga, napangananso ndi mafumu ambiri pa makalata, kuti miyala ya mtengo wapatali ya m'nthaka yao, ndi anchito a m'midzi yao, zikhale m'manja mwace. Mphunzitsi pofotokoza nkhani iyi angacite bwino kufunsa ana kuti makalatawo anawerenga ndani, popeza sukulu zinali zisanafike m'midzi imeneyo.

Kuyambira 1897 Clark anapempha British South Africa Company kuti ibvomereze mapangano ace ndi kuwacinjiriza, koma Kampani sinasamale konse. Tsono m'caka ca 1899 Mfumu Chintanda inakadandaula kwa Kampaniyo kuti Clark, potenga makalata aja, anadziyesa nduna yace, ndi kuti anakhometsa msonkho wa nyumba zaka ziwiri kapena kupambana m'dzina la Kampani. Apa Kampani inachera khutu msanga, pakuti nkhani inakhudza ndalama. Ndipo mu 1902 inamcotsa pa ufumu wace. Anthu sanapumule pa msonkho ai. Anangosintha wokhometsa.

Munthu wina akadasweka mtima, koma Clark anagwira khasu. Analima zaka zambiri napindula ndithu, ndipo caka ca 1920 cisanafike anasamukira ku Broken Hill, kumene lero kuchedwa Kabwe. Kumeneko anakhala munthu womveka pakati pa Azungu anzace, nalowa m'malonda ena: anali mmodzi wa eni nyumba yoyamba yofululira mowa mwa cilolezo ca Boma m'Northern Rhodesia. Anamwalira komweko mu 1927, patapita zaka 25 cimcotsere pa ufumu.