Vic Clapham: msilikali amene adasiyira anzake chipilala cha anthu amoyo

Chaka chilichonse anthu zikwizikwi amathamanga mtunda wa makilomita pafupifupi 89 pakati pa mizinda ya Pietermaritzburg ndi Durban ku South Africa. Amene adayambitsa mpikisanowu, wotchedwa Comrades Marathon, sadali katswiri wa liwiro. Adali Vic Clapham, woyendetsa sitima yapamtunda.

Clapham adabadwira ku London mu 1886 ndipo adapita ku South Africa akadali mwana. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, adalowa m'gulu la 8th South African Infantry lomwe lidakamenyana ndi Ajeremani kum'mawa kwa Africa. Nkhondo yomweyi ndi imene idatenga amuna ambiri a ku Nyasaland, ena ngati asilikali a King's African Rifles, ena ngati amtengatenga.

Asilikaliwo adayenda pansi mitunda italiitali m'tchire lotentha, malungo ndi kamwazi zikuwatha. Clapham adabwerako ndi zinthu ziwiri mumtima: chisoni cha anzake amene adatsala kumeneko, ndi chikumbukiro cha momwe anthu otopa ankalimbitsirana mtima kuti wina asagwe yekha m'njira.

Adaganiza kuti chikumbutso choyenera anzakewo si mwala wolembedwa mayina, koma ulendo wowawa umene amoyo aziyenda pamodzi. Bungwe la asilikali akale la League of Comrades of the Great War lidayamba lakana ganizoli poona kuti mtundawo ndi woopsa, koma iye sadagwe mphwayi. Pa 24 May 1921, anthu 34 adanyamuka ku Pietermaritzburg, ndipo 16 okha ndiwo adafika ku Durban. Bill Rowan adapambana atathamanga maola 8 ndi mphindi 59.

Komabe ubale umene Clapham ankalalikira udali ndi malire a nthawi yake. Mayi Frances Hayward adathamanga mu 1923, ndipo Robert Mtshali, munthu wakuda, adathamanga mu 1935, koma onse awiri sadawerengedwe mwalamulo. Clapham adamwalira mu 1962 khomo likadali chitsekere. Amayi ndi anthu akuda adaloledwa mu 1975, ndipo Samuel Tshabalala adakhala wakuda woyamba kupambana mu 1989.

Lero othamanga amapatsidwa maola 12. Nthawi ikakwana mfuti imalira, ndipo wofika mochedwa, ngakhale ndi sekondi imodzi, salandira mendulo. M'mphindi zomalizazo mumaoneka anthu osadziwana, osiyana khungu ndi chiyankhulo, atagwirana m'mapewa, ena akudzutsa mnzawo amene miyendo yamukana, ngakhale akudziwa kuti nawonso angachedwe.

Mendulo ya dzina la Clapham sipita kwa wopambana. Amalandira ndi amene afika mu ola lotsiriza, pakati pa maola 11 ndi 12: anthu wamba amene akhala pamsewu kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kupendeka.