Alzheimer: dokotala amene anatulukira matenda oiwalitsa

Ku Kawale, ku Chinsapo ngakhale ku Mgona, gogo akapezeka m'mamawa atakhala pakhonde la eni, osadziwa dzina lake kapena komwe wachokera, ena amathamangira kunena kuti ndege ya ufiti yatha mafuta. Komatu zaka zoposa 100 zapitazo dokotala wina wa ku Germany anaonetsa kuti kuiwala kotereku ndi matenda a mu ubongo.

Dokotalayu ndi Alois Alzheimer, yemwe anabadwa pa 14 June 1864 m'tauni ya Marktbreit. Mu 1888 anayamba ntchito pachipatala cha odwala matenda a m'mutu mumzinda wa Frankfurt.

Mkulu wa chipatalacho, Emil Sioli, sankafuna kuti odwala azimangidwa. Wodwala akavuta ankamukhazika m'bafa la madzi ofunda kwa maola ambiri kuti mtima ukhale pansi. Maganizowo anali abwino, koma mtolo wake unagwera anamwino, poti ntchito imene zingwe zinkagwira inatsalira manja ndi kuleza mtima kwawo.

Chaka cha 1901 chinali chowawa kwa Alzheimer. Mkazi wake Cecilie anamwalira n'kumusiyira ana atatu, moti mchemwali wake ndiye anabwera kudzawalera.

Mu November chaka chomwecho, bambo wina wogwira ntchito kunjanji anabweretsa mkazi wake, Auguste Deter, wa zaka 51, atalephera kumusamalira kunyumba. Mayiyu ankachita nsanje yopanda maziko, kubisa katundu ndi kusochera m'nyumba mwake momwe. Alzheimer atamupempha kuti alembe dzina lake, anayamba bwinobwino koma anaiwalira panjira.

Dokotala ankafunsa mafunso, kulemba, n'kuchoka. Otsala naye m'wodi anali anamwino. Auguste ankakuwa kwa maola angapo, kukoka zofunda uku ndi uku, ndi kupapasa nkhope za odwala anzake mpaka ena kumumenya. Aliyense amene anadwazikapo kholo lotere akuudziwa ululu wake: munthu amene wamusambitsa ndi kumudyetsa dzulo, lero akukuyesa mlendo, mwinanso wakuba. Palibe zikomo, ndipo palibe tsiku loti wodwala adzatuluka atachira.

Zinakhala choncho zaka zinayi ndi miyezi ingapo. Kumapeto mayiyu anangogona chopinda miyendo, osayankhula, ndipo zilonda zobwera kaamba kogona malo amodzi zinamuipitsa magazi. Anamwalira pa 8 April 1906.

Apa n'kuti Alzheimer atasamukira ku Munich, koma anapempha kuti amutumizire ubongo wa malemuwo. Ataupima ndi makina okuza tinthu ting'onoting'ono, anapeza kuti unali utafota, maselo ambiri atafa, muli timibulu tachilendo ndi timaulusi topotana. Si mwano kapena nkhanza zimene zinkamukuwitsa mayi uja, koma ubongo umene unkaonongeka.

Mu November 1906 anakafotokoza zimenezi pamsonkhano wa madokotala ku Tübingen, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa funso. Mu 1910 bwana wake, Emil Kraepelin, ndiye anatcha matendawa dzina la Alzheimer m'buku lake.

Mu 1912 anapatsidwa mpando wa pulofesa ku Breslau, komwe lero ndi Wrocław m'dziko la Poland, koma anadwala ali pa ulendo wopita kumeneko ndipo sanapezenso bwino kwenikweni. Anamwalira pa 19 December 1915 ali ndi zaka 51, msinkhu womwe Auguste anali nawo tsiku limene anakumana koyamba.

Fayilo ya mayiyu inasowa kwa zaka zambiri, kufikira mu 1995 pomwe madokotala a ku Frankfurt anaipeza m'chipinda chosungiramo mapepala akale.