Hergé, mmisiri amene ankathamangitsana ndi Lachitatu

Nthawi zambiri m'mawa wa Lachitatu unkamupeza Georges Remi ali patebulo, pensulo ili m'manja, asakudziwa m'mene apulumutsire mnyamata amene adamusiya pakamwa pa imfa sabata yapitayo. Madzulo a tsiku lomwelo kanyuzipepala ka ana ka Le Petit Vingtième kankayenera kutuluka, ndipo masamba awiri a nthano ya zithunzi ankadikira iye. Adaulula yekha zimenezi atakula.

Remi adabadwa pa 22 Meyi 1907 ku Etterbeek, mumzinda wa Brussels m'dziko la Belgium. Dzina loti Hergé adalipeka potembenuza zilembo zoyamba za maina ake, R ndi G, monga zimatchulidwira m'Chifalansa. Adayamba ntchito ku nyuzipepala ya Chikatolika ya Le Vingtième Siècle mu 1925, ndipo patatha zaka zitatu mkulu wake, wansembe Norbert Wallez, adamupatsa gawo la ana kuti aziliyang'anira. M'menemo ndimo mudaonekera koyamba mtolankhani wachinyamata Tintin ndi galu wake Milou, pa 10 Januwale 1929.

Sabata iliyonse ankapeka nkhani, kugawa tsamba m'timabokosi, kujambula ndi pensulo, kudutsamo ndi inki, kenako kulemba mawu a anthu ake. Chithunzi chomaliza chinkayenera kusiya mwana mtima uli m'mwamba kuti adzafunenso nyuzipepala yotsatira. Nthawi yofufuza padalibe, ndipo zotsatira zake zimaoneka poyera m'nthano ya Tintin ku Congo, imene idayamba mu 1930. Hergé adali asanapondeko ku Africa. Adajambula anthu akuda ndi milomo yochita kukokomeza, oganiza ngati ana, ogwadira mzungu. Pojambulanso bukuli mu 1946 adachotsa pamene Tintin ankaphunzitsa ana a ku Congo kuti Belgium ndi kwawo, n'kuikapo phunziro la masamu, koma chipongwe chidatsalamo. Ngakhale khoti la ku Belgium lidakana kuliletsa mu 2012, ndi buku lovuta kuliwerenga popanda kupsa mtima.

Amene adamusintha adali mnyamata wa ku China, Zhang Chongren, amene ankaphunzira zaluso ku Brussels. Awiriwa adakumana mu 1934, Hergé akukonzekera kutumiza Tintin ku China, ndipo ankaonana Lamulungu lililonse. Zhang adamuonetsa kagwiridwe ka burashi ka kwawo, adamufotokozera m'mene Japan inkapondereza dziko lake, ndipo adalemba yekha mawu a Chitchaina amene ali pazikwangwani za m'misewu m'buku la Le Lotus bleu. Akazembe a Japan adadandaula nalo bukuli. Kuyambira pamenepo Hergé adayamba kusunga zithunzi za magalimoto, sitima, zovala ndi nyumba, kuti chilichonse chojambulidwa chikhale ndi gwero. Mzere wake udakhazikika: woonda, wofanana paliponse, wopanda mithunzi yosokoneza maso.

Germany italanda Belgium mu 1940, nyuzipepala yake idatsekedwa, ndipo adapitiriza Tintin mu Le Soir, imene inkayendetsedwa ndi adaniwo. Dziko litamasulidwa mu 1944 adamangidwa kanayi. Sadamuzenge mlandu, koma adamuletsa kwa kanthawi kugwira ntchito m'nyuzipepala, ndipo banga limenelo silidamuchoke.

Adabwerera mu 1946 ndi magazini ya sabata ndi sabata yotchedwa Tintin, koma thupi lidayamba kukana. Manja ankatuluka zidzolo, ndipo kangapo adasiya nthano ili pakati n'kusowa kwa masabata, owerenga akudikira. Mu 1950 adakhazikitsa Studios Hergé, kumene amisiri ena monga Bob de Moor ankajambula malo ndi makina, ena akupaka mitundu, iye n'kutsala ndi nkhani ndi anthu ake. Mabuku adayamba kutuluka patalipatali. Zhang, amene adasowana naye kwa zaka zoposa 40, adadzaonana nayenso ku Brussels mu 1981.

Hergé adamwalira pa 3 Malichi 1983 atamaliza mabuku 23 a Tintin, ndipo adali atanena kuti wina asadzapitirize nthanoyo iye atapita. Buku la 24, Tintin et l'Alph-Art, lidasindikizidwa mu 1986 lili la pensulo chabe. Pachithunzi chake chomaliza, munthu wa mfuti akutsogoza Tintin kukaphedwa.