DAVID LIVINGSTONE NDI MAKANEMA OSIMBA ZA MOYO WAKE

Palibe mwana wa sukulu m'boma lathu lino la Rumphi amene sadziwa dzina la Livingstonia. Ena a ife tidabadwira m'chipatala cha kumeneko, ena tidakwerapo msewu wa Gorodi kuchokera ku Chitimba, mitima ili m'mwamba m'malo ake okhotakhota aja. Komatu mwini dzinalo sadapondepo phazi pa Khondowe. Misyoni ya Livingstonia idayamba ku Cape Maclear mu 1875 iye atamwalira kale, nisamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo Dr Robert Laws adafika nayo pa Khondowe mu 1894. Tsono popeza dzina lake tili nalo pakhomo, ndaganiza kuti ndikusimbireni mbiri ya munthuyo, inu anzanga ndi inu aphunzitsi athu, ndiponso ndikuuzeni za makanema amene adapangidwa pa moyo wake. Mwa makanemawo alipo mmodzi wotchuka, ndipo alipo ena amene anthu adawaiwala. Ine ndiyesa kuti woiwalika ndiye woyenera kumfunafuna.

David Livingstone adabadwa pa 19 Marichi 1813 m'mudzi wa Blantyre ku Scotland, mudzi umene udapatsa dzina mzinda wathu wa Blantyre. Makolo ake adali osauka, ndipo banja lonse lidali kukhala m'chipinda chimodzi. Ali ndi zaka 10 zokha adalowa ntchito m'nyumba ya makina opota thonje, kumene adali kulumikiza ulusi woduka kuyambira 6 koloko m'mawa kufikira 8 koloko usiku. Ataweruka sadali kupita kukagona, koma ku sukulu ya usiku, ndipo masana adali kuika buku pamwamba pa makina kuti aziwerengako mzere umodziumodzi podutsa. Ndalama za ntchito yomweyo ndizo zidamthandiza kuphunzira udotolo ku Glasgow kuyambira mu 1836. Ife amene tidandaula ndi pulepu ya maola awiri tiyenera kuchitako manyazi pamenepa.

Bungwe la London Missionary Society lidamtuma ku Africa, ndipo mu 1841 adafika ku Kuruman, misyoni ya Robert Moffat m'dziko la South Africa. Mu 1844, ali ku Mabotsa, mkango udamgwira paphewa nuphwanya fupa la mkono wake wamanzere. Mphunzitsi wina wachikuda, dzina lake Mebalwe, adaloza mfuti yake, ndipo ngakhale mfutiyo idakana kulira, mkango udasiya Livingstone nulumphira iyeyo numluma pantchafu. Onse awiri adapulumuka. Dzina la Mebalwe musaliiwale, pakuti ndiye woyamba mwa anthu akuda ambiri amene popanda iwo mbiri ino ikadathera panjira. Mu 1845 Livingstone adakwatira Mary, mwana wa Moffat, ndipo mu 1848 adabatiza Sechele, mfumu ya Abakwena. Pa ntchito yolalikira sadakolole zambiri, chifukwa mtima wake udali kumkokera kumpoto, ku maiko amene Azungu sadali kuwadziwa.

Mu 1852 adatumiza mkazi wake ndi ana ku Britain, kumene adakasauka zaka zinayi, ndipo iye adapita kwa Sekeletu, mfumu ya Amakololo, pafupi ndi mtsinje wa Zambezi. Mfumuyo idampatsa amuna 27, nayenda nao kufikira ku Luanda, pa nyanja ya mchere ya kumadzulo, mu Meyi 1854. Adafika ali wofooka ndi malungo, ndipo Angerezi adafuna kumkweza sitima kuti abwerere kwao, koma iye adakana, popeza adalonjeza kuti adzabwezera anthu a Sekeletu kumudzi kwao. Adasunga lonjezolo. Atatero adatembenukira kum'mawa ndi Amakololo ena oposa 100, ndipo mu Novembala 1855 iwo adamuonetsa mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene iye adawatcha Victoria Falls. Adadzera ku Tete nafika ku Quelimane mu Meyi 1856, atadutsa Africa kuchokera ku gombe lina kufikira ku linzake. Pobwerera ku Britain adalandiridwa ngati mfumu, ndipo buku lake la mu 1857 lidagulidwa kwambiri.

Ulendo wachiwiri ndiwo utikhudza ife Amalawi. Boma la Britain lidamtuma mu 1858 kuti akaone ngati sitima zingathe kuyenda pa Zambezi ndi kubweretsa malonda abwino olowa m'malo mwa malonda a akapolo. Mathithi a Cahora Bassa adamtsekera njira, ndipo chifukwa cha chimenechi adakhotera mu Shire nafika pa nyanja yathu mu Seputembala 1859. Zimene adaona m'dziko muno zidamuwawa mtima: midzi yotenthedwa, ndi anthu omangidwa m'magoli alikupita nao kugombe. Mu Julayi 1861, pamudzi wa Mbame, iye ndi anzake adamasula akapolo 84, ndipo omasulidwa a masiku amenewo adakakhala ndi Bishopu Mackenzie ku Magomero. Pakati pao padali kamnyamata kachiyao, dzina lake Chuma. Koma ulendowo udadzala ndi maliro. Bishopu adamwalira mu Januwale 1862, ndipo Mary, amene adatsatira mwamuna wake, adamwalira ndi malungo ku Shupanga pa 27 Epulo chaka chomwecho. Livingstone adakangana ndi Azungu anzake ambiri, pakuti adali munthu wouma khosi, ndipo mu 1863 boma lidamuitana kuti abwerere.

Mu 1866 adayamba ulendo wake wotsiriza, wofunafuna gwero la mtsinje wa Nile. Adadzera ku Rovuma, nazungulira kumwera kwa nyanja yathu, nalowa m'dziko limene lero ndi Zambia. Amtengatenga ambiri adamthawa, ndipo ena adakafalitsa bodza ku Zanzibar kuti waphedwa. Bokosi lake la mankhwala lidatayika mu 1867. Adadwala kotero kuti nthawi zina adali kudya ndi kuyenda mwa chifundo cha Aluya omwewo amene iye adali kudana ndi malonda ao. Mu Julayi 1871 adaona ndi maso ake anthu mazana alikuphedwa pamsika wa Nyangwe, ndipo adabwerera ku Ujiji, pa nyanja ya Tanganyika, atatsala mafupa okhaokha. Kumeneko, chakumapeto kwa 1871, adampeza mtolankhani Henry Morton Stanley, wotumidwa ndi nyuzipepala ya New York Herald.

Kukomana kumeneku ndiko kuli m'kanema wotchuka uja, Stanley and Livingstone, wa mu 1939. Adamtsogolera ndi Henry King; Spencer Tracy ndiye Stanley, ndipo Cedric Hardwicke ndiye Livingstone. Sindikana kuti ndi wokoma kuonera. Koma taonani dzina lake lomwe: Stanley ndiye ali patsogolo. Anthu awiriwa adakhala pamodzi miyezi inayi yokha, pamene Livingstone adakhala ndi moyo zaka 60. Opanga kanemayo adaikamo mtsikana, Eve Kingsley, amene sadakhaleko konse. Adaonetsanso kuti akuluakulu a ku England atakayika mau a Stanley, mbiri ya imfa ya Livingstone idafika nthawi yomweyo nimlungamitsa. Koma zoona zake nzakuti pamene adali kumkayika mu 1872, Livingstone adali akali moyo. Potsiriza kanemayo aonetsa Stanley alikubwerera ku Africa ngati wolowa m'malo mwa mmisyoni uja, osanena kuti pambuyo pake, kuyambira 1879, adagwirira ntchito Mfumu Leopold II ya ku Belgium, imene ulamuliro wake udazunza anthu a ku Congo koopsa.

Tsono tiyeni tibwerere ku zimene zidachitikadi. Stanley adampempha kuti apite naye kwao, koma Livingstone adakana, ndipo adalekana mu Marichi 1872. Adalowanso m'madambo a nyanja ya Bangweulu nthawi ya dzinja, alikutaya magazi ndi kamwazi, kufikira anthu ake adayamba kumnyamula pa machira. Adamwalira pa 1 Meyi 1873 pamudzi wa Chitambo ku Ilala, ndipo adampeza ali chigwadire pambali pa kama wake. Gwero la Nile sadalipeze, pakuti mtsinje wa Lualaba umene adali kuuyesa Nile ndiwo chiyambi cha Congo. Koma makalata ake osimba za Nyangwe adautsa anthu ku Britain, ndipo mu Juni 1873 Sultan Barghash adatseka msika wa akapolo wa ku Zanzibar.

Apa ndipo pali chigawo chimene ine ndichikonda koposa. Mzungu wao atafa, anthu ake akadatha kugawana nsalu ndi mikanda, yense nkulowera kwao, ndipo palibe akadawafunsa. Koma Chuma uja wa ku Magomero, amene tsopano adali atakula, ndi Abdullah Susi, amene adayamba kugwira ntchito ndi Livingstone ku Shupanga, adasonkhanitsa anzao napangana kuti apereke mtembo kwa eni ake. Mtima wake adaukwirira patsinde pa mtengo wa muula, ndipo Jacob Wainwright, amene adali wodziwa kulemba, adazokota dzina lake pamtengopo. Thupi adalithira mchere naliumitsa padzuwa masabata awiri, nalikulunga m'nsalu ndi m'khungwa la mtengo. Adayenda nalo miyezi 9, amuna ndi akazi, mtunda woposa mamailosi 1,000. Ambiri adadwala, ena adafera panjira. Ku Unyanyembe adakomana ndi Azungu a gulu la Cameron, amene adawalangiza kuti angoika maliro pomwepo, koma iwo sadalole. Pamene midzi ina idakana kuti mtembo udutse, adaumanga ngati mtolo wa nsalu za malonda. Adafika nao ku Bagamoyo mu Febuluwale 1874.

Livingstone adaikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey ku London pa 18 Epulo 1874. Mwa onyamula bokosi, wakuda adali Wainwright yekha. Susi ndi Chuma adafika ku Britain maliro atapita kale, ndipo kumeneko adathandiza Horace Waller kulongosola mabuku a ulendo wotsirizawo, kotero kuti zambiri zimene tidziwa za masiku ake omaliza zidachokera pakamwa pao. Chuma adamwalira mu 1882, ndipo Susi mu 1891. Akulu adanena zoona kuti mutu umodzi susenza denga.

Kanema amene ine ndikuyamikirani ndi wakale kuposa wa Spencer Tracy, ndipo dzina lake ndi Livingstone chabe. Adatuluka mu 1925, masiku amene makanema adalibe mau. Ochita sewero angogwedeza milomo, ndipo nkhani muiwerenga pa mau olembedwa. Adampanga ndi M. A. Wetherell, amenenso adakhala Livingstone m'seweromo. Ndimkonda pa zifukwa ziwiri. Choyamba, atsata moyo wonse wa munthuyo, osati miyezi inayi ya ku Ujiji yokha. Chachiwiri, Wetherell ndi gulu lake adabwera ku Africa kuno nayenda maulendo aatali kukajambula, patangopita zaka 50 Livingstone atamwalira. Chifukwa chake mitsinje, midzi ndi nkhope zimene muona m'menemo nza anthu a mbadwo wa makolo a agogo athu. Kanema wotere ali ngati nkhokwe yosungamo zakale, ndipo chimenechi chokha chikwanira kuti munthu apirire kusowa kwa mau.

Alipo enanso awiri osatchuka. Wina ndi David Livingstone wa mu 1936, wopangidwa ndi James A. FitzPatrick, m'mene Percy Marmont adakhala Livingstone. Wina ndi Forbidden Territory wa mu 1997, wopangira wailesi ya kanema, m'mene Nigel Hawthorne ali Livingstone wokalamba ndipo Aidan Quinn ali Stanley. Makanema akale otere asungidwa m'nyumba zosungira zakale, ndipo ena apezeka pa intaneti. Bwenzi zili bwino aphunzitsi athu a mbiri yakale atatithandiza kuwafunafuna kuti tidzaonere pamodzi Loweruka lina madzulo.

Koma ndikuchenjezeni kuti kanema si buku la mbiri. Wa mu 1925 adapangidwa m'masiku a atsamunda, ndipo aonetsa Livingstone ngati munthu wopanda banga. Wetherell yemweyo mu 1933 adalengeza kuti wapeza mapazi a chilombo cha m'nyanja ya Loch Ness ku Scotland, ndipo akatswiri atawayesa adapeza kuti adadindidwa ndi phazi louma la mvuu! Tsono poonera tiyenera kudekha ndi kumadzifunsa: kodi wanyamula katunduyo ndani? Wapalasa bwatolo ndani? Alikumasulira chinenero pamaso pa mfumu ndani? Mukayang'ana kumbuyo kwa Mzungu wovala kapusi uja, mudzaona Mebalwe, anthu a Sekeletu, Susi ndi Chuma.

Ine ndilemekeza Livingstone chifukwa cha khama lake ndi udani wake pa ukapolo, ndipo sindibisa kuti banja lake lidalipira mtengo waukulu. Koma kanema amene ndilakalaka kudzaona ndi woyambira pamudzi wa Chitambo ndi kuthera ku Bagamoyo, wolankhula zinenero za anthu amene adasenza mtolowo. Amalawi adaonetsa kale kuti ntchitoyi aitha, pakuti Shemu Joyah adatipatsa The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Mwina amene adzajambula ulendo wa Chuma akhala pa desiki limodzi ndi inu lero lino. Ngati ndinu, yambani kuwerenga mbiriyi tsopano.

Mnzanu wa mu Fomu 3