Abdullah ibn Umm Maktum, wosaona amene ankaitanira anthu a ku Madinah ku Swala

M'mwezi wa Ramadhan, pa nthawi ya Mtumiki Muhammad (SAW), anthu a ku Madinah ankamva azana kawiri kusanache. Woyamba unali wa Bilal, ndipo anthu akaumva ankapitiriza kudya daku. Wachiwiri ndi umene unkaimitsa kudya ndi kumwa mumzinda wonse, ndipo woitanayo anali munthu amene maso ake sankaona. Dzina lake ndi Abdullah ibn Umm Maktum (Allah asangalale naye).

Iye adabadwira ku Makkah mu mtundu wa Quraysh. Bambo ake anali Qays ibn Za'idah, ndipo mayi ake anali Atikah, amene ankadziwika ndi dzina loti Umm Maktum. Anthu a ku Madinah ankamutchula Abdullah pomwe a ku Iraq ankati Amr. Anali msuweni wa mayi Khadijah, mkazi woyamba wa Mtumiki, ndipo adalowa Chisilamu m'zaka zoyambirira, Asilamu akali ochepa ndi ozunzidwa.

Tsiku lina Mtumiki anali pa zokambirana ndi akuluakulu a Quraysh, ali ndi chiyembekezo choti akakhulupirira iwo, anthu ambiri awatsatira. Abdullah adafika napempha kuti amuphunzitse zimene Allah adavumbulutsa, ndipo adabwereza pempho lakelo posaona kuti Mtumiki watanganidwa. Mtumiki adachita tsinya natembenukira kwa alendo ake. Apo ndi pamene zidatsika ndime zoyambirira za Surah Abasa, ya nambala 80 mu Qur'an yolemekezeka, zomudzudzula Mtumiki pa zimene adachitazo. Tiyeni tilingalire bwino apa: Abdullah sadalione tsinya lija, ndipo akadatha kubwerera kwawo osadziwa kanthu. Koma Allah adaliona, ndipo adaika nkhaniyi m'Buku limene ana athu amaloweza ku madrasa mpaka lero. Kuchokera tsikulo Mtumiki ankamulandira mwaulemu waukulu.

Msamuko wa m'chaka cha 622 usanachitike, Abdullah anali m'gulu la oyamba kufika ku Madinah. Al-Bara ibn Azib adasimba kuti oyamba kuwafikira anali Mus'ab ibn Umayr ndi Ibn Umm Maktum, ndipo awiriwa ankaphunzitsa anthu Qur'an. Munthu uja adapempha kuphunzitsidwa ku Makkah, tsopano ndiye anali mphunzitsi wa eni mzinda.

Mzikiti wa Mtumiki utamangidwa ndi azana atakhazikitsidwa, Abdullah adasankhidwa kukhala muazini pamodzi ndi Bilal. Wina angafunse kuti munthu wosaona ankadziwa bwanji kuti m'bandakucha wafika, pa nthawi imene kudalibe wotchi. Hadith ya m'buku la Imam Bukhari imayankha kuti iye sankaitana mpaka atauzidwa kuti kwacha. Panali anthu openya amene akadatha kuitenga ntchitoyo, koma sadaitenge. Ankangomuuza chinthu chimodzi chimene iye sankatha kuchiona, ndipo mawu oitanira ankakhala ake.

Padali nthawi imene Abdullah adapempha chilolezo chomaswalira kunyumba. Adafotokoza kuti kwawo n'kutali, alibe womutsogolera wodalirika, ndipo m'njira za Madinah muli zilombo ndi zokwawa zambiri. Mtumiki adamufunsa ngati amaumva azana, ndipo atavomera, adamuuza kuti aziyankha kuitanako. Uku sikudali kuuma mtima, pakuti Itban ibn Malik, amene maso ake adafooka ndipo madzi osefukira ankamutsekera njira ya kumzikiti, Mtumiki adapita kunyumba kwake nakamuswalira pamalo poti azipempherapo. Aliyense ankayang'aniridwa malinga ndi vuto lake. Kwa Abdullah njira idalipo ngakhale inali yovuta, ndipo malo ake pa mzere wa Swala sadali oyenera kukhala opanda munthu.

Chikhulupiriro cha Mtumiki mwa iye chidapitirira apo. Potuluka m'Madinah pa maulendo a nkhondo, kawirikawiri ankamusiya Abdullah kuti azitsogolera Swala kwa otsalira, ndipo olemba mbiri amati izi zidachitika maulendo 13. Openya ankaima kumbuyo kwa wosaona.

Pamene idatsika ndime ya 95 ya Surah An-Nisa, yosiyanitsa otuluka kukamenya nkhondo ndi okhala kunyumba, Zayd ibn Thabit akuilemba, Abdullah adadandaula kuti akadakhala wotha akadapita nawo. Pomwepo chivumbulutso chidabwera chopatula anthu a zovuta za m'thupi. Chilolezo chokhala kunyumba adapatsidwa, koma iye adasankha kusachigwiritsa ntchito. Mu ulamuliro wa Khalifa Umar ibn al-Khattab, cha m'ma 636, adapita ndi gulu la Sa'd ibn Abi Waqqas ku nkhondo ya Qadisiyyah m'dziko la Iraq, atavala chovala chankhondo ndi kunyamula mbendera yakuda. Palibe adamubweza ponena kuti akumumvera chisoni. Ena amasimba kuti adafera komweko, ena akuti adabwerera ku Madinah kumene adamwalirira.

Ulumali wa Abdullah unali wa maso, koma m'Madinah yemweyo munalinso anthu amene vuto lawo linali la nzeru, ndipo Mtumiki adawachitira chimodzimodzi. Imam Muslim adalemba za mayi wina wosokonekera pang'ono m'maganizo amene adati ali ndi nkhani ndi Mtumiki. Iye adamuuza mayiyo kuti asankhe yekha njira yoti akakambirane, ndipo adaima naye mpaka adamaliza zonse zimene adafuna kunena. Padalinso bambo wina amene ankanyengedwa pa malonda chifukwa cha kufooka kwa nzeru. Abale ake adapempha kuti aletsedwe kugula ndi kugulitsa, koma mwini wake adati sangathe kuleka. Mtumiki adamusiya pa msika, namuphunzitsa mawu oti azinena pa malonda aliwonse ochenjeza kuti pasakhale chinyengo.

Abale ndi alongo, m'makomo mwathu muli ana amene adachedwa kuyankhula, ena amene sagwira msanga zimene aphunzitsidwa, ena amene amagwa khunyu. Ambiri timawakonda, timawadyetsa ndi kuwasambitsa, komabe anzawo akamapita ku madrasa iwo amatsala pakhonde, ndipo pa Ijumaa kapena pa Eid timawatsekera m'nyumba poopa maso a anthu. Timawasankhira chovala, chakudya ndi pokhala osawafunsa n'komwe. Mwana wotere akaloweza Surah Al-Fatihah m'chaka chathunthu, waloweza ndithu, ndipo mphunzitsi womupirira ali ndi malipiro ake kwa Allah. Mnyamata wosatha kuwerengera ndalama angathe kuyala mikeka mumzikiti, kutunga madzi a udhu kapena kusoka ukonde kugombe, akapeza womuima pambali monga adachitira anthu aja ouza Abdullah kuti kwacha.

Choncho mwezi uno aliyense wa ife ayang'ane mzere wa Swala ndi kaundula wa madrasa ya kwawo, awerenge amene akusowa, ndipo akawafunse eni akewo chimene akufuna. Allah asangalale ndi Abdullah ibn Umm Maktum, ndipo atikhululukire pa tsinya limene tachitira ofooka athu. Ameen.