Clements Kadalie: Mlendo Pakati pa Phokoso la Antchito

Munthu wopita kukakhala ku dziko la eni amatsazikidwa ndi malangizo odziwika: akagwire ntchito mwakachetechete, akasunge ndalama, ndipo asakalowerere nkhani za eni dziko. Malangizowa ngabwino pa masiku amtendere. Koma limafika tsiku limene msewu wodutsa pakhomo pake umadzaza ndi antchito onyanyala ntchito, akuimba ndi kukuwa kuyambira m'bandakucha, apolisi ali pambuyo pawo. Tsiku lotere mlendo amasowa tulo, amasowanso poima. Akatuluka kukaima nawo, boma likhoza kumpirikitsa m'dzikomo. Akatseka chitseko napita ku ntchito monga mwa masiku onse, anzake amamuyesa kapirikoni wa mabwana. Amuna ambirimbiri a ku Nyasaland amene adapita ku Halale ndi ku Joni adakumana nalo vutoli, ndipo ochuluka adasankha kukhala chete. Mmodzi mwa iwo, Clements Kadalie, adatchera khutu kuti amve chimene phokosolo linkanena, ndipo potsiriza adasanduka mtsogoleri wake.

Kadalie adabadwa mu April 1896 m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi Bandawe, m'boma la Nkhata Bay. Dzina lake lakubadwa lidali Lameck Koniwaka Kadali Muwamba, ndipo adali mdzukulu wa Chiweyu, mfumu ya Atonga. Adaphunzira m'sukulu za mishoni ya Livingstonia pa nthawi ya Dr Robert Laws, natsiriza maphunziro a uphunzitsi ali ndi zaka 16 zokha. Adaphunzitsa kwa kanthawi, koma malipiro a mphunzitsi wakuda adali ochepa, ndipo achinyamata a m'mbali mwa nyanja adali atazolowera kale kuyang'ana kummwera. Mu 1915, chaka chimene John Chilembwe adaukira boma la atsamunda, Kadalie adanyamuka ulendo.

Adayamba wagwira ntchito ku Mozambique, kenaka adalowa mu Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, nakhala kalaliki pa migodi ya Shamva ndi Falcon. Ukalaliki udamuika pamalo poonera zonse. Adali pafupi ndi mabuku a malipiro, motero adadziwa kusiyana kwa ndalama za Mzungu ndi za munthu wakuda. Madzulo ankabwerera kwa anthu amtundu wake, naona mmene ankagonera ndi zimene ankadya m'komboni. Mu 1918 adafika ku Cape Town, kumene mkulu wake Robert adali atakhazikika kale.

South Africa amene adampezayo adali wosakhazikika. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idakweza mitengo ya zakudya ndi zovala, koma malipiro a anthu akuda adaima pamodzimodzi. Mu 1918 antchito otaya zonyansa mu Johannesburg adanyanyala ntchito namangidwa, ndipo chaka chotsatira anthu adayamba kutaya zitupa zawo pokana lamulo lowakakamiza kuyenda nazo. Mnyamata wa ku Chifira adali ndi zifukwa zokwanira zodzipatulira ku zonsezi. Sankalankhula Chixhosa, Chizulu, Chisutu kapena Chibunu. Sadali nzika ya dzikolo, ndipo kuyambira 1913 malamulo a kumeneko ankakaniza anthu akuda ochokera m'maiko a kumpoto monga Nyasaland. Adali wophunzira, wodziwa Chingerezi bwino, woti akadangoweramira ntchito yake akadadya mkute wake mwamtendere.

Chimene chidamsintha chidachitika mumsewu. Tsiku lina akuyenda mu mzindawo, wapolisi wachizungu adamkankha kumchotsa m'njira ya oyenda pansi. Mzungu wina, A.F. Batty, amene ankachita ndale zoimira antchito, adaona zimenezi ndipo adadziwana naye. Kadalie adazindikira kuti kukhala chete sikudamteteze ku chipongwe, pakuti wapolisiyo sadafunse ngati adali mwini dziko kapena mlendo, wophunzira kapena wosaphunzira. Batty adamlimbikitsa kuti asonkhanitse antchito a padoko. Pa 17 January 1919 anthu 24 adakumana mu holo ina mu Cape Town nakhazikitsa bungwe la Industrial and Commercial Union, lodziwika mwachidule kuti ICU, ndipo Kadalie adakhala mlembi wake.

Mu December chaka chomwecho bungweli lidayesa mphamvu zake. Antchito a padoko pafupifupi 2,000 adakana kukweza katundu m'sitima zapamadzi. Zofuna zawo zidali ziwiri: kuti malipiro akwere, ndi kuti boma lileke kutumiza zakudya kunja pamene eni dziko ankalephera kuzigula. Kwa masabata awiri doko lidazizira, koma mzinda udatentha ndi misonkhano ndi nyimbo. Boma lidatumiza apolisi ndi asilikali, antchito achizungu amene adalonjeza kuthandiza adabwerera m'mbuyo, ndipo sitirakayo idatha popanda phindu looneka msanga. Komabe makampani adaphunzirapo kanthu, chifukwa mu 1920 adavomera kukweza malipiro a antchito a padoko kufika pa masheleni 8 patsiku. Kwa anthu okhala m'nyumba zabwino za mu mzindawo, phokoso lija lidali chisokonezo chabe. Kwa wonyamula matumba, lidali njira yokhayo yolankhulira, popeza adalibe mpando pamene malipiro ankakambidwa.

Mtengo wa kulowerera nkhani za eni sudachedwe kuoneka. Chakumapeto kwa 1920 boma lidalamula kuti Kadalie achoke m'dzikomo monga munthu wosaloledwa. Anzake mu bungwe akadamangidwa akadatuluka nabwerera kwa akazi ndi ana awo, koma iye yekha ndiye akadataya zonse tsiku limodzi. Maloya ndi abwenzi adammenyera nkhondo mpaka lamulolo lidafafanizidwa mu 1921. Pa nthawi yomweyo adaonanso kuti phokoso likhoza kuthera m'maliro. Pa 23 October 1920 khamu lidasonkhana pa polisi ya ku Port Elizabeth kufuna kuti mtsogoleri wa antchito a kumeneko, Samuel Masabalala, atulutsidwe. Mfuti zidalira, ndipo anthu oposa 20 adafa. Kuyambira pamenepo Kadalie ankalankhula mwaukali pa misonkhano koma ankazengereza kuitanitsa sitiraka, khalidwe limene ena adaliyesa nzeru ndipo ena adaliyesa mantha.

Zaka zotsatira zidali za kukula. Mu 1923 bungwe lidayamba kusindikiza nyuzipepala yake, The Workers' Herald, ndipo pofika 1926 likulu lake lidali litasamukira ku Johannesburg. ICU idafalikira m'matauni ang'onoang'ono ndi m'mafamu a ku Natal, Transvaal ndi Orange Free State, kumene mabanja ankathamangitsidwa pa minda pamodzi ndi ng'ombe zawo. Anthu wamba adaona kuti zilembo zitatu za dzinalo zimamveka ngati mawu a Chingerezi otanthauza kuti ndikukuona, ndipo adazitenga ngati chenjezo kwa bwana wankhanza kuti tsopano pali diso lomuyang'ana. Pofika 1927 mamembala ankawerengedwa kuti ali pafupifupi 100,000, chiwerengero chimene bungwe lina lililonse la anthu akuda m'dzikomo lidali lisadafikepo. Chodabwitsa nchakuti mtsogoleri wawo ankalankhula nawo m'Chingerezi, womasulira ali pambali. Umlendo wake, umene udali chofooka, udasandukanso mphamvu: posakhala Mzulu, Mxhosa kapena Msutu, mitundu yonse ikadatha kumumvera popanda kuona ngati mtundu umodzi ukulamula unzake. Paja akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Boma silidasiye kumvutitsa. Mu 1926 lidamletsa kulowa m'chigawo cha Natal. Iye adapita dala ku Durban, nalankhula pa msonkhano, namangidwa, koma adapambana mlanduwo atachita apilo. Mu 1927 adapita ku Ulaya, kumene adakafika ku Geneva pa msonkhano wa bungwe la dziko lonse loona za antchito, ngakhale boma la South Africa silidamlole kukhala nthumwi yake, ndipo adayendera mabungwe a antchito a ku Britain. Mbiri yake idafika ndi kwawo komwe. Mu 1926 Isa Macdonald Lawrence adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 3 ku Nyasaland chifukwa cholowetsa m'dzikomo nyuzipepala ya ICU pamodzi ndi ya Marcus Garvey. Mu 1927 Robert Sambo, wa ku Nyasaland, adayambitsa nthambi ya ICU ku Bulawayo ndipo boma la kumeneko lidampirikitsa. Chaka chomwecho antchito a pa mgodi wa Shamva, pamene Kadalie adakhalapo kalaliki, adanyanyala ntchito, ambiri mwa iwo ali ochokera ku Nyasaland. Koma sikuti onse a kwawo adakondwa naye. Ambiri amene ankaphika m'nyumba za Azungu kapena kulemba m'maofesi ankaopa kuti kutchuka kwa Kadalie kuchititsa boma kuyang'anitsitsa mlendo aliyense, ndipo mantha awowo sadali opanda maziko.

Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kusweka. ICU idakula msanga koposa mmene idakonzekera. Ndalama za mamembala zinkalowa zambiri koma mabuku ake sankasungidwa bwino, ndipo zochuluka zinkathera pa milandu ndi pa maulendo a atsogoleri. Mu December 1926 Kadalie adachotsa mu bungwe mamembala a chipani cha Chikomyunisiti, ena mwa iwo odziwa kwambiri kukonza ntchito, monga James La Guma ndi John Gomas. Anthu a m'mafamu amene adalowa poyembekeza kubwezeredwa malo adapeza kuti eni mafamu akuwathamangitsa chifukwa cha khadi la bungwe, ndipo bungwelo lidalibe chowapatsa. Mu 1928 A.W.G. Champion, mtsogoleri wa ku Natal, ataimitsidwa pa nkhani za ndalama, adapatuka ndi chigawo chonse, chimene chidali cholemera koposa zonse. William Ballinger, amene adachokera ku Scotland chaka chomwecho kudzalangiza bungweli, adakangana ndi Kadalie pa za kayendetsedwe ka chuma. Mu January 1929 Kadalie adatula pansi udindo, nayambitsa bungwe lina laling'ono, Independent ICU. M'mikangano yonseyi adani ake adakumbukira chimene makamu adali ataiwala pa masiku a chisangalalo, chakuti iye adali wobwera. Umlendo umene udagwirizanitsa mitundu udasanduka ndodo yomkwapulira.

Phokoso lake lomaliza lidamveka ku East London. Mu January 1930 antchito a njanji ndi a padoko adanyanyala ntchito, ndipo antchito ena a mu mzindawo adawatsatira. Kadalie ndi anzake adamangidwa, sitirakayo idalephera, ndipo ambiri adapeza malo awo atalowa ena. Boma lidamletsanso kuchititsa misonkhano m'dera la Johannesburg. Adakhazikika ku East London ndi banja lake kwa zaka 20 zotsatira, akuthandiza antchito pa madandaulo awo ndi kugwirako ntchito za African National Congress m'chigawocho, koma dzina lake silidagwedezenso dziko. Adalemba mbiri ya moyo wake, imene idasindikizidwa mu 1970, iye atamwalira kale. Mu 1951 adakaona kwawo ku Nyasaland, ndipo atabwerera ku East London adamwalira pa 28 November chaka chomwecho, ali ndi zaka 55.

Pomuweruza Kadalie nkofunika kuika zabwino ndi zoipa pa muyeso umodzi. Adali wodzikonda, wokonda kutamandidwa, ndiponso wosasamala ndi ndalama za anthu osauka, ndipo zofooka zimenezi zidathandiza kugwetsa chimene iye yemwe adamanga. Adadziwa kusonkhanitsa anthu, koma sadadziwe kuwasunga. Komabe mabungwe a antchito akuda amene adabwera pambuyo pake ku South Africa ndi ku Zimbabwe adayenda m'njira imene ICU idalambula, ndipo adaphunzira pa kugwa kwake kuti bungwe limakhazikika pa mabuku olongosoka ndi pa komiti ya pamalo a ntchito, osati pa liwu la munthu mmodzi.

Mwana wasukulu amene akulota zokagwira ntchito kunja, ndiponso mphunzitsi amene akumkonzekeretsa, apeza phunziro lina m'moyo wa munthuyu. Si mlendo aliyense angathe kutsogolera sitiraka, ndipo amene adakhala chete poopa kupirikitsidwa adali ndi ana oti awadyetse ku mudzi. Koma mlendo amene amamva phokoso la antchito ngati chinthu chongomsokoneza tulo sadalidziwe dziko limene akukhalamo. M'nyimbo ndi m'mikuwo ya pamsewu mumamveka mtengo wa buledi, malipiro a patsiku ndi malamulo amene mawa adzagwiranso iye. Kadalie adazimva zimenezi pa doko la Cape Town asadakwanitse zaka 24, ndipo adasankha mbali. Chisankhocho chidampatsa mbiri, chidamlowetsa m'ndende, ndipo chidamsiya mtchona mpaka imfa, manda ake ali kutali ndi nyanja imene adasambamo ali mwana.